Juzi mu Okutobala

Kuseri kwa ofesi ya ahedi kuli kachipinda
komwe tinkasungiramo choko ndi mabuku odyedwa ndi chiswe.
Tinasesamo, tinaikamo mipando iwiri,
umodzi wa miyendo itatu ndi njerwa,
pawindo tinapachika chitenje.
Kiyi anapatsa ine.
Zauphungu sindinaphunzire, ndimaphunzitsa Jogalafe;
anangoti, "Mayi Nkhwazi, inu mulibe pakamwa."

Asiyatu anabwera Lachitatu atavala juzi.
Juzi, mu Okutobala, ku Khombedza kuno,
kumene mbuzi zimalimbirana mthunzi wa mlambe,
malata akuthetheka okha ndi dzuwa.
Anati akufuna choko.
Ndinam'patsa choko. Sanachoke.

Sindinamuuze kuti avule.
Ndinathira madzi m'kapu, tinakhala chete
tikumvera a Fomu 1 kuseri kwa khoma
akuloweza mitsinje: Linthipe, Lingadzi, Bua.
Kenako anapinda yekha mkono wa juzi
ndipo ndinawerenga zala zisanu
zitadindidwa pakhungu ngati chidindo cha boma.

Mnyamata wa njinga yamoto uja, wa pasiteji.
Analipira fizi ya matemu awiri,
tsopano akuti anagula.
Foni amafufuza iye, njira yobwerera amasankha iye,
ndipo mayeso a Fomu 4 n'chiyani kwa mkazi wa mwini?

Ndinafunsa chimodzi chokha: tiyambire pati?
Anati, kwa mayi anga,
koma musandisiye ndekha pokawauza.
Tinapita. Kuchipatala tinatenga kalata,
kupolisi tinakhala pabenchi mpaka matako kuuma.
Fizi ija amayi a m'komiti anasonkherana,
uyu mpunga, uyu nkhuku,
uyu ndalama yonyowa ndi thukuta yochokera pamfundo ya chitenje,
tinakam'bwezera mwini wake pamaso pa mboni
kuti ngongole ileke kukhala chingwe.

Kusitafu, Mayi Chikakuda ankaseka.
"Kachipinda kanu ka miseche!
Ife anatilangiza kuti banja n'kupirira,
za kuchipinda sizivala yunifolomu."
Ena ankagwedeza mitu, maso ali pamakope.

Lachisanu lina, ana ataweruka,
ndikukhoma loko, ndinamva nsapato kumbuyo kwanga.
Sindinatembenuke msanga.
Anati akufuna choko.

Anasankha mpando wa njerwa uja.
Zaka khumi ndi zinayi akugwira ntchito,
khadi lake la kubanki saligwira mwezi ukatha:
bambo amakatapa okha ku Boma
n'kumugawirako ya sopo.
Amaphunzitsa Bayoloje, fupa lililonse amalidziwa dzina,
ndipo anandiuza dzina la lija linathyoka chaka chatha,
lija tinkati anagwa pakabaza.
Tinasonkha ya shuga, tinakamuona, tinapemphera,
amuna ake akutiyalira mphasa.
Palibe anafunsa. Inenso sindinafunse.

Sanasamuke tsiku limenelo,
ndipo sindinamukoke dzanja;
womukoka ali naye kale.
Tinangolemba manambala atatu kuseri kwa sikimu.
Masetifiketi ake ndi mabuku a kusikelo a ana
tinawabisa m'kabati, pansi pa mapu ong'ambika.
Ndinakadulitsa kiyi wachiwiri wa nyumba yanga
kwa Che Twaibu pamsika,
ndinam'fumbatitsa, n'kuti:
ngakhale pakati pa usiku, galu wanga amakudziwani.

Mpaka lero sanabwere.
Ndimagona khutu limodzi lili pakhonde.
Lolemba ndimayang'ana mmene akunyamulira dzanja pofufuta bolodi,
iye amadziwa kuti ndikuyang'ana,
sitinena kanthu.
Koma sabata yatha anandifunsa, ngati zocheza,
kuti khadi latsopano amapangitsa bwanji.

Asiyatu walemba mayeso ake mikono ili poyera.
Dzulo wabwera ndi mnzake wa Fomu 2,
wam'fikitsa pakhomo, iye n'kudikira panja.

Ahedi akudandaula kuti temu ino
choko chikutha msanga.
Ndawauza aitanitse china.